Zimene Amayi Ankabisa M'manudozi

Amayi anali kupondaponda mabulangete m'beseni lalikulu kuseri kwa nyumba, diresi atalikwinyira m'mawondo, thovu likutumphuka pakati pa zala za kumapazi, pamene foni inalira pawindo la bafa. Anailekerera. Wowafuna zenizeni amaimbanso. Inaduka, n'kuyambiranso pompo, ndipo apa anatuluka m'madzimo, napukutira dzanja limodzi pachifuwa.

Anali mwana wawo wamwamuna, yemwe abale onse ankangomuti Wamtali chifukwa anayamba kuwerama polowa pakhomo asanamalize n'komwe sukulu. Ankayendetsa lole ya katundu maulendo ataliatali, ndipo sankaimba foni masana popanda nkhani.

"Amayi, muli poti mungakhale pansi?"

"Ndikuchapa. Nena msanga, sopo akundiumira m'miyendo."

"Mpongozi wanu ndi woyembekezera."

Amayi anatsinzina, milomo ikugwedera pang'ono. Ndi mmene analili: chabwino chikafika ankayamba auza Mulungu, anthu pambuyo. Atatsegula maso anazindikira kuti mwanayo akupuma ngati munthu wosenza thumba.

"Nanga bwanji ukuyankhula ngati wagunda mbuzi ya eni ake?"

"Akusanza, Amayi. Chilichonse, ngakhale madzi. Wachepa moti simungamuzindikire. Anamwino anena kuti akadzapitanso ku sikelo n'kupezeka kuti watsika, amugoneka. Ndiye mukudziwa..."

Ankadziwa. Chaka chatha mimba yoyamba inapita padera m'chipatala chomwecho, ndipo kuchokera pamenepo mpongoziyo akamadutsa pageti lake ankayang'ana kumbali.

"Ine mawa ndikunyamuka, ndipo sindibwera msanga. Mungadzakhale naye?"

"Palibe chimene chikukhala m'mimbamo?"

"Chilipo chimodzi. Manudozi."

"Ma chiyani?"

"Manudozi, Amayi. Aja a m'timapaketi. Mudzawaona."

Amayi anabwereza mawuwo chamumtima kuti asawaiwale. Mabulangete aja anawatsukuluza mwachisawawa, nawayanika akuchuchabe, napempha mnansi kuti adzaanule.

Nyumba ya anawo inali ya zipinda ziwiri, kumapeto kwa mdadada wa nyumba za lendi zogwiritsa ntchito mpopi umodzi pabwalo. Wamtali anali atanyamuka kale. Mpongozi uja, mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono amene tsopano anali patchuthi cha matenda, anadzuka pampando kuti alandire chikwama, ndipo Amayi anaona kuti mphete yaukwati waisamutsira ku chala chapakati kuti isavuke.  Anangokanirira chikwamacho.

"Khalani pansi, apongozi. Si cholemera."

"Mwayenda bwanji, Amayi? Pepani, mwapeza nyumba ili chonchi."

Awiriwa anali asanakanganepo chiyambire, komanso anali asanasekepo limodzi. Ankalemekezana ngati anthu okumana pamzere wa kubanki: aliyense kusiyira mnzake malo, maso ali kutsogolo.

Pamwamba pa kabati panali katoni yodzaza ndi timapaketi tonyezimira. Mpongozi atakagona, Amayi anang'amba kamodzi n'kukhuthulira m'mbale. Munatuluka chinthu chouma gwaa, chooneka ngati tsitsi la mwana wokana kupesa, lopanikizidwa mpaka kukhala kanjerwa. Pambali pake panagwa kathumba ka ufa wachikasu. Anachinunkhiza, nachigogoda ndi chikhadabo, nachitembenuza. Anathyolako pakona n'kutafuna. Ichi n'chakudya, kapena n'chotsukira mapoto?

Kumbuyo kwa paketi kunali timalemba, koma mayi amene analera ana asanu sawerenga pepala kuti aphike. Lamulo lawo linali lakalekale: chouma chochokera kusitolo chimayamba chatsukidwa, ndipo cholimba chimafuna moto wautali. Anachitsuka bwinobwino ngati mpunga, nachiika m'poto wa madzi ozizira, navundikira, napita kukasesa pakhonde. Atamaliza kusesa anakolopanso.

Mpongozi atadzuka anayang'ana nthawi yaitali m'mbale imene Amayi anamupakulira.

"Amayi... mwawatani?"

"Ndawaphika. Anali ngati waya, ndimati apse mpaka m'kati."

"Munawatsukanso?"

"Nanga ndikanakupatsani ndi fumbi la kufakitale lomwe?"

Mtsikanayo anayesa kugwira pakamwa, koma kuseka kunatulukira m'mphuno. Anaseka atagwira pamimba, misozi ili mbwee, uku akupepesa, ndipo Amayi ataonanso phala loterera lija mapewa awo anayamba kugwedera. Kenaka mpongoziyo anatenga supuni, nadyako kawiri, n'kumeza movutikira. Amayi anaziona zimenezo, nazisunga mumtima.

"Tiyeni ndikusonyezeni," anatero mtsikanayo.

Madzi ankayenera kuwira kaye, ndipo ochepa. Kenaka kanjerwa kaja, osavundikira, kungokamasula ndi foloko. Ufa wa m'kathumba pomaliza. Amayi analibe wotchi, koma anapeza kuti akanena pemphero la Ambuye kawiri mosathamanga, pa ameni wachiwiri tizingweto timakhala tapsa, tofewa koma tosaphwanyika.

Mpongozi anadya theka la mbale, ndipo chakudyacho chinakhala. Atatsuka m'kamwa anayankhula maso ali pansi.

"Amayi, ndipemphe chinthu chimodzi. Musadzaikemo kanthu. Mwana wanu anayesa kuikamo nyama, ndinaswera tsiku lonse pa ndowa. Ichi chokha ndicho chandilola. Chikadzandikana ichinso, basi, ndi kuchipatala kuja."

"Ndamva, apongozi."

"Mwalonjeza?"

Amayi anagwedeza mutu. Kwa iwo kugwedeza mutu linali lonjezo lathunthu.

Potsuka mbale anamwa kamsuzi kotsala. Mchere, madzi, ndi kafungo konamizira nkhuku. Anaima pasinki mbaleyo ili m'manja. Mwana amange mafupa ndi zimenezi? Anamufunsa Mulungu funsolo motsitsa mawu, ndipo sanamve yankho.

Khomo loyandikana nalo linali la mayi wa saluni, munthu wamawu ngati wailesi ya m'basi, amene ankaluka anthu tsitsi pakhonde pake kuyambira m'mawa. Masana ena Amayi akutunga madzi anamuona akudya chiimirire, kasitomala akudikira pampando theka la mutu lili nyankhalala. M'mbale mwake munali tizingwe tomwe tija, koma pakati pake panali zobiriwira, zofiirira, ndi dzira litakhala pamwamba ngati mwini nyumba. Ndowa inadzaza n'kusefukira Amayi akuyang'anabe.

"Agogo, maso anuwo agwera m'mbale mwanga! Bwerani mulawe, musatimalizire madzi."

Amayi anachita manyazi, koma miyendo inapita yokha.

"Awa ndi manudozi omwewa?"

"Omwewa. Kungoti anga ndimawaveka. Inu mukumawapereka ali mbulanda."

Analawa. Anatafuna pang'onopang'ono, lilime likufufuza ngati munthu wosaka singano m'chikwama.

"Muli jinja."

"Eya."

"Ndi adyo. Kabichi mwamudula ngati ulusi. Nanga chowawasirachi?"

"Ndimu. Mumafinyira pomaliza, mutaphula kale. Ndipo ufa wa m'kathumba uja musamathire wonse, theka basi, apo ayi muzingomwa madzi ngati ng'ombe."

"Ine ndimaikamo chiponde," anatero kasitomala uja, mutu uli chopendekera.

"Iwe khala bwino, ndingakulukire khutu kumodzi."

"Zoona! Kasupuni kamodzi. Msuzi wake umakhala ngati wa kuhotela."

Amayi, amene pamsonkhano wa amayi kutchalitchi ankatha kukhala mpaka kumapeto osatsegula pakamwa, anafunsa mafunso tsiku limenelo mpaka mutu wa kasitomala unatha kulukidwa. Dzira limalowa nthawi yanji? Kabichi amayamba ndi iye kapena tizingwe? Nanga munthu ataphika msuzi wakewake m'malo mwa madzi?

"Ndiye kuti mwafika kumwamba," anatero mayi wa saluni.

Mpongozi sankapirira fungo la china chilichonse pamoto, choncho Amayi anapempha kuti azigwiritsa ntchito sitovu ya mnansiyo. Palibe anatchula za malipiro. Amayi ankangoti akapeza matawulo a saluni ali mulu pakona, n'kuwachapa.

Poyamba ankayesera pa iwo eni. Anapeza kuti dzira likaswedwera m'madzi owira kwambiri limabalalika n'kuchita thovu losaoneka bwino. Koma akazimitsa moto kaye, n'kulithira lomenyamenya pang'onopang'ono uku akutakasa, limasungunukira mumsuzi osaonekanso, msuziwo n'kukhuthala ngati wothira mkaka. Chiponde chikangoponyedwamo chimakakhala chibuluma pansi pa poto. Chimafuna kusungunulidwa kaye m'kapu ndi msuzi wotentha. Zitheba n'zokoma koma sizidziwa kubisala. Karoti wopalidwa pa timabowo ting'onoting'ono ta chopalira amafewa msanga mpaka kutsala mtundu wokha. Tsiku lina anapyola muyeso wa jinja, nakhosomola mpaka mayi wa saluni anabwera kudzawamenya pamsana ndi chipeso m'manja. Mayi wa ana asanu ankadya manudozi masana alionse kuseri kwa chitseko cha eni ake, ndipo ankadabwa kuti kanthu kachabechabe chotere kangathe kulandira alendo ambiri chonchi osataya nkhope yake.

Koma onsewo ankalowa m'mimba mwa munthu wolakwika. Wofunika kunenepa ankadyabe mchere ndi madzi, theka la mbale, ndipo mafupa a m'khosi mwake ankaonekera patali. Tsiku la sikelo linkayandikira.

Amayi anayamba kukambirana ndi lonjezo lawo. Analonjeza kuti saikamo kanthu, inde. Koma madzi ophikira aja ndi kanthu? Munthu atawiritsa mafupa a nkhuku, n'kusefa bwinobwino, n'kudikira kuti zizizire, n'kuyengula mafuta onse pamwamba mpaka kutsale zoyera mbee, amenewo si madzi omwewo, kungoti adutsa pa nkhuku?

"Mwiniwake akudziwa?" anafunsa mayi wa saluni akuwaona akusefa msuzi pa kansalu koyera.

"Adzadziwa akanenepa."

"Agogo inu! Ndimayesa ndinu a pemphero."

Analowa nayo mbale ataigwira ndi manja awiri. Mpongozi anainunkhiza kaye, monga ankachitira ndi chilichonse masiku amenewo.

"Ndi omwe aja, Amayi?"

"Idyani asanazizire, apongozi."

Silinali bodza. Amayi anadziuza zimenezo ali chiimirire pakhomo, akunamizira kukonza katani. Mtsikanayo anayang'ana kukhoma, nadya. Anadya mpaka foloko inayamba kulira pansi pa mbale, kenaka anatukula mbaleyo n'kumwa msuzi wonse. Amayi anadikira phokoso la ndowa masana onse. Silinamveke.

Pambuyo pa msuzi panabwera dzira. Pambuyo pa dzira, karoti. Jinja ankamuika kachidutswa kamodzi n'kumuvuula asanapakule, kuti asiye ntchito yake yokhazika mtima pansi koma iye asaoneke. Kenaka chiponde, kansonga ka supuni. Chilichonse chatsopano ankachipatsa masiku ake kuti aone ngati chalandiridwa, ndipo chilichonse chinalandiridwa. Mpongozi anayamba kutuluka kukaothera dzuwa pakhonde. Anayamba kufunsa nkhani za ubwana wa Wamtali, naseka atamva kuti munthu woyendetsa chilole chonsecho ankaopa nkhuku yaikazi. M'mawa wina Amayi anapeza mpango wawo wochapidwa ndi kusitidwa, uli pa pilo, ndipo piloyo inali ija yofewa imene mpongozi ankagonera yekha. 

Chokhacho chimene chinkawavuta chinali pemphero lija la pa sitovu. Akafika pa mawu opempha chikhululukiro lilime linkathamanga lokha, moti kangapo anaphula manudozi asanapse bwino.

Ndiye kugolosale anamva mayi wina akuuza mnzake kuti nsomba ndiyo imamanga ubongo wa mwana ali m'mimba. Amayi anaima pashelefu ya zam'chitini nthawi yaitali. Mafupa anali atawasamalira, magazi anali atawasamalira. Nanga mdzukulu wawo abadwe wamafupa olimba koma mutu uli mbee?

Mayi wa saluni ataona chitini cha nsomba chimene Amayi anagula anaika chipeso pansi.

"Agogo, imani pomwepo. Dzira limabisala, karoti amabisala. Nsomba ngakhale mutaikwirira pansi, mphaka wa kumapeto kwa msewu amabwera kudzakupatsani moni."

"Ndi kachidutswa chabe. Ndikanyenya, ndifinyire ndimu, jinja ndiwonjezere."

"Ine ndanena. Tsitsi ndimalidziwa, mphuno ya munthu wapakati ndimaidziwanso. Ndinabereka atatu ine."

Koma Amayi anali atazolowera kupambana. Anatsuka kachidutswako kuti mafuta a m'chitini achoke, nakanyenya ndi supuni mpaka kukhala ngati ufa, nakasungunula mumsuzi. Analawa. Iwo sanamve kanthu. Analawitsa kasitomala amene anali pampando, ndipo nayenso anati samva kanthu, kungoti n'zokoma.

Mpongozi sanafunse n'komwe tsiku limenelo. Analandira mbale akumwetulira, napota tizingwe pa foloko, naika m'kamwa. Nkhope yake inasintha ngati munthu amene waponda minga. Mbale inagwera pamphasa ya pulasitiki, iye n'kuthamangira kubafa atagwira pakamwa.

Anasanza masana onse. Anasanza mpaka m'mimba munalibenso choti chituluke, koma thupi linkangokokabe. Amayi ankamugwira pamphumi, namupukuta kukhosi ndi kansalu konyowa, nataya ndowa, nabwera nayo yotsuka. 

M'mawa mwake Amayi anaphika manudozi monga anaphunzitsidwira tsiku loyamba lija: madzi apampopi, kanjerwa, ufa wa m'kathumba, osawonjezera ngakhale mpweya. Mpongozi atangoona nthunzi ikutuluka m'mbale anatembenukira kukhoma.

"Chotsani, Amayi. Chonde. Ndikungomva nsomba."

"Mulibe kanthu, apongozi. Awa ndi enieni aja."

"Ndikukhulupirira. Koma chotsani."

Madzulo ake ngakhale kuphwanyika kwa paketi kunamudzutsira nseru. Amayi ananyamula katoni yonse n'kukaisiya kwa mayi wa saluni, yemwe anatsegula pakamwa kuti anene kuti ndinanena, koma ataona nkhope yawo anangolandira katoniyo n'kuikankhira pansi pa bedi. Amayi anayesa kumupatsa mpongozi tiyi wopanda mkaka, buledi wowotcha, nthochi, madzi a mpunga. Zina zinkakhala kanthawi, n'kubwerera. Milomo ya mtsikanayo inayamba kung'aluka. Chakudya chimodzi chokha chimene chinkamulola chija, Amayi anali atachipha ndi manja awo.

Foni ya Wamtali inabwera Amayi ali pakhonde akusankha mpunga, zenera la kuchipinda lili lotsegula. Sanafune kumvetsera, koma mawu anawapeza pomwepo.

"Ayi, ndabwererako pang'ono... Iyayi, si kanthu, ndi mimbayi basi, imasintha maganizo ngati mwini wake... Amayi? Amayi akundisamala ngati dzira. Usawavutitse ndi mafunso, atopa."

Amayi anayang'ana mpunga uli m'mbale, koma sankaonanso kuti mwala ndi uti, mpunga ndi uti.

Tsiku la sikelo anapita pa takisi, mpongozi atatsamira paphewa pawo. Pofika pageti lija mtsikanayo anatseka maso, ndipo Amayi anamva zala zake zikuwafinya pamkono. Anadikira pabenchi pakati pa amayi ena a mimba zazikulu ndi zazing'ono, wina akudya chimanga chowotcha chimene Amayi anamupempha ndi maso okha kuti abise, ndipo anabisadi.

Anamwino anali mayi wojintcha, wamagalasi olendewera pa chingwe, wachangu ngati munthu amene wasiya mkaka pamoto. Anamukweza pa sikelo, nayang'ana muvi, nayang'ana pa khadi, nayang'ananso muvi.

"Simunatsike. Koma simunakwere. Ndiye milomo iyi yauma chonchi bwanji?" Anamutsina khungu la padzanja, ndipo khungulo linachedwa kubwerera. "Madzi atha m'thupi muno. Gonani apa."

Anamupaka mafuta ozizira pamimba, nayendetsapo kamakina. Kunamveka phokoso ngati la mphepo, kenaka pansi pake kugunda kwachangu, ngati kamwana kakuthamanga pa simenti opanda nsapato. Amayi anagwira chitsulo cha bedi. Milomo yawo inayamba kugwedera.

"Mwini wake ali bwino, akuthamanga," anatero anamwino. "Ndinu mukufuna kumulanga ndi njala. Ndikuikani diripi panopa. Ikatha mumwe tiyi. Akakhala, mupita kwanu. Akabwerera, mugona konkuno, ndipo musandilirire. Awa ndi amayi anu?"

"Ndi apongozi anga."

"Onani! Apongozi athunthu asiya nyumba yawo kudzakuphikirani, inu n'kumakana chakudya. Ena apongozi awo amangowatumizira moni."

"Ndine wovuta, anamwino. Iwo ayesetsa."

Anawaika m'kachipinda ka mabedi awiri olekanitsidwa ndi katani wobiriwira. Sichinali chipinda chija cha chaka chatha, koma fungo linali lomwelo, ndipo khomo la chipinda chakalecho linkaonekera kumapeto kwa khonde. Mpongozi anagona chotembenukira kwina. Madzi a m'botolo ankadontha pang'onopang'ono. Amayi anakhala pampando wachitsulo, chikwama chili pamiyendo, akuyang'ana dontho lililonse mpaka litalowa.

Botolo litafika pakati, nkhope ya mtsikanayo inayamba kubwerera. Ananyambita milomo. Amayi anakonza kukhosi.

"Apongozi, tsiku lija... m'mbale muja..."

"Munali nsomba. Ndikudziwa, Amayi."

"Si nsomba yokha."

"Ndikudziwanso." Anatembenuka, kumwetulira kuli pakona pa milomo yong'alukayo. "Msuzi wa nkhuku ndinaumva tsiku lomwelo. Dzira ndinalimva. Karoti ndiye ndinachita kumuona ndi maso. Manudozi a kufakitale sakhala ndi timadontho tofiira, Amayi."

Amayi anamuyang'anitsitsa.

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndikanangotchula, nseru ikanadzuka. Ndiye ndinkayang'ana kukhoma, n'kumadziuza kuti ndi omwe aja, ndi omwe aja, mpaka mbale ithe. Komanso mmene munkalowera nayo mbale ija, mutaigwira ndi manja awiri ngati mwanyamula khanda, kenaka n'kumakonza katani amene sanalakwe kanthu... Ndikanayamba bwanji?"

Mtsikanayo anayang'ana kudenga, kenaka anakwinya pamphumi.

"Koma chimodzi chandizunguza mutu mpaka lero. Munali kanthu kena kamene kankatsalira kukhosi, konuna, kokoma ngati mtedza koma kosaoneka. Ndinkafufuza ndi foloko osakapeza."

"Ndi mtedza womwewo. Chiponde."

"Ndinadziwa ine! Koma chimasungunuka bwanji osachita zibuluma?"

"Mumayamba mwachisungunula m'kapu ndi msuzi wotentha."

"Pepani kulowerera," anatero mawu a mayi wina kuseri kwa katani, "mumathira chochuluka bwanji? Wanga wamng'ono sadya china koma zomwezo."

"Kansonga ka supuni," anayankha Amayi asanaganize n'komwe. "Ndipo ufa wa m'kathumba theka."

Mpongozi anaseka mpaka chingwe cha diripi chinagwedera. Atapuma anati, "Tikapita kunyumba mudzandiphikirenso achiponde aja. Osati lero, mwina mkuja, mtima ukaiwala. Koma ndidzakhale pakhomo, ndiziona chilichonse chikulowa m'poto. Ndikati ayi, ndi ayi."

"Ndamva."

"Basi, zatha, Amayi. Tisazikambenso."

Amayi anaona bwino lomwe chimene mtsikanayo wachita: wawatsegulira kakhomo kakumbuyo kuti atuluke mwaulemu, nkhani ithere m'kuseka. Akanatha kutulukira pomwepo. Moyo wawo wonse zolakwa zawo ankazinena kwa Mulungu yekha, chitseko chili chotseka, ndipo kwa anthu ankangopepesa ndi ntchito za manja. Koma anayang'ana singano ili padzanja lowondalo, nayang'ananso khomo lija kumapeto kwa khonde, ndi kapu ya tiyi imene anamwino ankalowa nayo, imene inali isanadziwike ngati ikhala kapena ibwerera.

Anaika chikwama pansi, naimirira.

"Anamwino, musanamupatse tiyiyo ndinene kanthu. Munamukalipira mwanayu kuti amakana chakudya. Sanakane. Ankadya bwino, ndipo akanakwera pa sikelo panu paja. Ndine ndinamuonongera."

"Amayi, chonde, khalani pansi," ananong'ona mpongozi. "Anthu akumva."

"Amve."

Mawu awo sanawatsitse. Anamwino anaima pakhomo kapu ili m'manja. Amayi anagwira dzanja lopanda singano lija ndi manja awo awiri.

"Mwanangu, munandipempha chinthu chimodzi chokha, ine ndinavomera, kenaka ndinakachita zanga kuseri. Munandifunsa ngati ndi omwe aja, ndinakuyankhani mokhota. Lero mwagona pamalo pamene munkaopa chifukwa cha ine, ndipo mukundibisabe kwa mwana wanga ndi kwa anamwino. Ndalakwa, mwanangu. Mundikhululukire."